Zimene zimavuta kazitape pakati pa anthu a ku Cuba othawira ku Miami

Owerenga ena atilembera pa imelo kuti: "Ndinamva zoti boma la Cuba linkatumiza akazitape pakati pa anthu ake omwe anathawira ku America. Poti chilankhulo ndi chimodzi, mtundu ndi umodzi, chikanawavuta n'chiyani?"

Achimwene, umodzi womwewo ndiwo umavuta. Tione gulu la akazitape a Cuba lotchedwa Red Avispa, limene anthu ake 10 anamangidwa ndi a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, pa 12 Seputembala 1998.

Ku Little Havana, dera la anthu ochokera ku Cuba mumzinda wa Miami, mlendo amafunsidwa ngati mmene timafunsirana kumudzi: kwanu n'kuti, ndinu mwana wa yani, sukulu munaphunzira kuti. Ukanama tauni, pomwepo papezeka wina wobadwira komweko. Choncho njira zinali ziwiri. Ena ankapita ndi dzina lawo lenileni, n'kunama chifukwa chothawira. René González anachita zimenezi mu Disembala 1990: anatenga ndege ku Cuba n'kukatera ku Key West ngati wagalukira boma. Mkazi wake sanauzidwe kanthu, anatsala ndi mwana akudziwa kuti bamboyo ndi wopandukira dziko. Ena, monga Gerardo Hernández, anapatsidwa mayina a ana omwe anamwalira kalekale ku America. Hernández ankadzitcha wa ku Puerto Rico, ndiye ankayenera kuloweza mbiri yonse ya munthu amene sanakhaleko, komanso kusamala lilime, pakuti Chisipanishi cha ku Havana chimadziwika msanga.

Kulowa m'magulu a othawawo sikunali kovuta kwenikweni. Gulu la Hermanos al Rescate, limene José Basulto anayambitsa mu 1991 kuti lizifufuza anthu oyandama panyanja pothawa ku Cuba, linkasowa oyendetsa ndege, ndipo González anali katswiri. Chovuta chinali kukhalamo zaka, ukudya nawo, ukuyenda nawo pamaliro, usiku n'kumalemba lipoti la anthu omwewo.

Ndalama nazo zinali zoperewera, chifukwa chuma cha Cuba chinagwa Soviet Union itatha mu 1991. Akazitapewa ankachita lendi tinyumba totchipa, ankagwira maganyu, ndipo ankalemba ndalama iliyonse imene agwiritsa ntchito.

Koma pamene zinaphulikira ndi pa mauthenga. Havana inkaulutsa manambala pa wayilesi ya shortwave, kazitape n'kuwalemba m'kompyuta, pulogalamu ya pa disiketi n'kuwasandutsa mawu. Wayilesi yongomvera siisiya mapazi, koma disiketi imakhala m'nyumba. A FBI analowa m'nyumbazo mwachinsinsi n'kukopera madisiketi, ndipo m'khoti anawerenga malipoti a akazitapewo monga anawalembera eni ake.

Chimene ife timaona kuti n'cholemera kuposa zonsezi n'chakuti lipoti likachoka m'manja mwako, sudziwa lidzagwira ntchito yanji. Pa 24 Febuluwale 1996 ndege zankhondo za Cuba zinagwetsa ndege ziwiri za Hermanos al Rescate, anthu anayi n'kufa. Juan Pablo Roque, kazitape wina amene analowa m'gululo, anali atabwerera ku Cuba ndegezo zisanagwetsedwe, kusiya mkazi amene anamukwatira ku Miami asakudziwa chilichonse. Mlandu wa imfazo unagwera Hernández, ngakhale iye anaukana. Boma la Cuba limati akazitapewa ankateteza dziko ku zigawenga, ndipo n'zoona kuti mabomba anaphulika m'mahotela a ku Havana mu 1997 n'kupha Fabio Di Celmo wa ku Italy. Mabanja a anthu anayi aja amaiona nkhaniyi mwina, ndipo chisoni chawo si chongopeka.

Atamangidwa, asanu anavomera milandu n'kugwirizana ndi boma la America. Asanu otsalawo anakhala miyezi 17 m'chipinda cha yekhayekha, ndipo mlandu unazengedwa ku Miami komweko, pakati pa anthu amene akazitapewo ankawazonda. Anapezeka olakwa mu 2001, Hernández n'kulamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. González anatuluka mu 2011, ndipo atatu omaliza, kuphatikizapo Hernández, anabwerera kwawo pa 17 Disembala 2014 mayiko awiriwa atasinthana akaidi.