Timabotolo ta katemera tikusweka, nditenge ngongole ya firiza yaikulu?

Mayi wina wa ku Mchinji walemba kuti amagulitsa mankhwala a ziweto, anapikula timabotolo 60 ta katemera wa chitopa, anatisunga mu firiza momwe amaumitsiramo mafirizi, ndiye 14 tasweka, tina mufirizamo tina pa minibasi. Akufunsa ngati atenge K600,000 kwa wakatapila pa 30 peresenti pamwezi agule firiza yaikulu.

Mayi, firiza yaikulu ya chani? Firizayo ndi imene ikukudyerani mpamba. Tatengani kabotolo kamodzi muwerenge kapepala kake, katemera wambiri amalemba 2 mpaka 8 digiri, kumeneko ndi mu filiji wamba pa shelefu yapakati, pomwe firiza imatsika mpaka cha m'ma 18 pansi pa ziro. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa 10, ndiye mkati mwa kabotolo kotseka alowera kuti? Amakankha galasi kapena kutukula kachitsekero ka labala kaja. Ndipo ine 14 toswekato sitikundidetsa nkhawa, tikuoneka. Nkhawa yanga ili pa 46 totsalato, chifukwa mng'alu wina ndi wopyapyala ngati tsitsi, komanso katemera wamadzi, makamaka wamafuta uja, akaundana kamodzi watha ntchito olo botolo likhale lonyezimira bwanji. Katemera waufa amapirirako, koma madzi ake osungunulira asaundane.

Tiyeni ku masamu. Tinene kuti kamodzi ndi K5,000, mwaluza K70,000. Wakatapila akufuna K180,000 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chokha, ngongole ili chiimire. Mukufuna muzimupatsa munthu ameneyu kuluza kwanu kawiri ndi theka mwezi ndi mwezi kuti muthe kuwononga katemera wochuluka pa kamodzi? Anthu akatapilawa satopa nanu, amakondwa mukamachedwa kubweza.

Potumiza musamapatse kondakitala jumbo. Gwiritsani ntchito kabokosi koziziritsira, ma ice pack (timapaketi ta madzi oundana) muwatulutse kaye mu firiza akhale panja mpaka mukagwedeza muzimva madzi mkati, pakati pa iwo ndi timabotolo ikani katoni, timabotolo tiime chilili mwatikulunga kuti tisamagundane m'mabampu. Mu filijimo mukhale thermometer, mmawa ndi madzulo muzilemba madigiri amene ikuonetsa, magetsi akathima chitseko chisatsegulidwe, ana a mafirizi adikire.

Koma chandipweteka kwambiri nchakuti m'kalata yonseyi simunanene kuti munagula liti, batch number yake (nambala ya gulu la katemera yolembedwa pa kabotolo) ndi iti, munagulitsa kwa ndani. Simunazilembe paliponse, ndikudziwa. Nkhuku za kasitomala zikayamba kugwa ndi chitopa atatemera, mudzamuyankha chani, ndipo wokupikulitsaniyo mudzamuonetsa chani? Kope ya ana asukulu ikukwanira.

Totsalato musagulitse kaye, pitani nato kwa alangizi a ziweto a kwanuko akationere, ndipo ngati alipo amene munawagulitsa kale muwaimbire lero.