Kodi n'kulakwa kumulirira Okonkwo?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti abwereza kuwerenga Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la mu 1958 lomwe analiona koyamba ali ku sekondale, ndipo ulendo uno tulo tawathawa. Chawasautsa n'chakuti akumumvera chisoni Okonkwo, mwininkhani wa m'bukuli, munthu womenya akazi, wopha mwana, yemwenso akuwakumbutsa nkhanza za bambo awo omwe anamwalira. Akufunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino.

Achemwali, mutu wanu uli bwinobwino. Chisoni chimenecho mlembi anachiika dala.

Taonani kumene Okonkwo akuchokera. Bambo ake, Unoka, anali munthu wangongole, wokonda chitoliro kuposa khasu, ndipo atadwala matenda otupa anakawasiya kunkhalango yoipa, osaikidwa m'manda. Mwana amene wakula akusekedwa chifukwa cha bambo wotere amalumbira kuti sadzafanana naye. Lumbiro limenelo ndi limene linamudya. Ukali wake wonse ndi mantha, kuopa kuti anthu angamutche wofooka.

Nkhani ya Ikemefuna ndi imene imandipweteka kwambiri. Mnyamatayo, amene anaperekedwa ndi mudzi wina ngati dipo, anakhala pakhomo pa Okonkwo zaka 3, akumutchula kuti bambo. Mudzi utagamula kuti mnyamatayo aphedwe, mkulu wina wa m'mudzimo, Ezeudu, anachita kubwera kudzamuchenjeza Okonkwo kuti dzanja lake lisakhudze imfa imeneyo. Koma mwanayo atathamangira kwa Okonkwo kuti amupulumutse, iye anasolola chikwanje. Kenaka masiku 2 osadya kanthu, kumangopapira uchema. Munthu wopanda mtima sachita zimenezo. Uyu mtima anali nawo, ankaubisa ngati nthenda yochititsa manyazi. Muonenso usiku umene Chielo, wansembe wamkazi wa m'mudzimo, anabereka Ezinma, mwana wamkazi wa Okonkwo, kupita naye kuphanga: Okonkwo anapitako kangapo mumdima, nkhawa ili tho, osauza munthu.

Ndiye mukalira, mukulirira chikondi chimene chinalipo koma sichinafike kwa ana. Ndikuganiza kuti ndi chimenenso mukulirira kwa bambo anu. Tili ku sekondale tinkaloweza mayina kuti tikhoze mayeso basi. Pano mwakula, mukumuwerenga ngati munthu amene munadya naye mbale imodzi.

Koma pali china chomwe ndikufuna mumve. Kumvetsa chimene chinapotoza munthu sikufafaniza zimene anakuchitani. Ojiugo, mkazi wamng'ono wa Okonkwo, anamenyedwadi, Ikemefuna anafadi, ndipo bukulo silipeputsa chilichonse mwa izi. Silidzudzulanso Nwoye, mwana wamwamuna wa Okonkwo, chifukwa chothawa bambo ake n'kukalowa mpingo. Musalole munthu akuuzeni kuti popeza mwamva chisoni, ndiye kuti mabala anu sanali enieni.

Ngati tulo tipitiriza kusowa, kapena maganizo ofuna kudzichotsera moyo ayamba kubwera monga zinathera kwa Okonkwo, litsekeni bukulo lero lomwe, mukakambe ndi munthu amene mumamukhulupirira kapena a zaumoyo kuchipatala. Mukadzapeza mphamvu zolitsegulanso, mudzatsate Nwoye kuyambira tsiku limene anazindikira kuti Ikemefuna sabweranso, ndipo mudzandilembere zimene mwaona.