Yankho kwa azakhali pa za ku Shiwa Ng'andu

Eee azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa kuti tinkakaonanji kunyumba ya mtsamunda, komanso ngati n'koyenera kupita ndi ana sukulu ikatsekera. Pitani nawo, azakhali, pitani nawo ndithu.

Kungoti n'kutali. Ife tinanyamuka muno mu Lusaka tambala asanalire, msewu wa Great North, kudutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika, makilomita oposa 700. Si ulendo wopita n'kubwerako tsiku lomwelo ayi.

Nyumbayo anaimangitsa ndi Stewart Gore-Browne, mzungu wa ku England amene anapeza malowo mu 1914. Dzina loti Shiwa Ng'andu ndi la Chibemba, likunena za nyanja ya ng'ona yomwe ili pafupi pomwepo. Pamundapo ankalima malalanje ndi mandimu n'kumayenga mafuta onunkhira, mpaka matenda anapha mitengoyo. Nyumba inayamba kuwonongeka, mdzukulu wake ndi amene anadzaikonzanso.

Munthuyo anthu ankamutcha Chipembere. Anali waukali, antchito ankawamenya, zimenezi sizobisika. Koma yemweyonso anadzaima kumbali ya chipani cha UNIP cha a Kaunda, ndipo atamwalira mu 1967 boma linayendetsa maliro ake mwaulemu wonse. Manda ake ali paphiri pomwepo. Anawo amve mbali zonse ziwiri, musawabisire ina.

Koma azakhali, chimene chinandikhudza ine si chipinda cha mabuku kapena zithunzi zakale zija. Ndi njerwa. Chinyumba chonsecho, chosanja, njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo ndi anthu a m'midzi yozungulira. Ndinaika dzanja pakhoma, njerwa yofiira, yokhakhala, yotentha ndi dzuwa. Pomwepo ndinakumbukira agogo aamuna ku Katete akuponda dothi, matope mpaka m'mawondo, ife tikuwatungira madzi. Ndinangoti duu. Angati anaponda dothi la khoma limeneli? Angati anatema nkhuni zowotchera uvuni? Misozi inalengeza m'maso, sindikunama. Mukafika, anawo agwireko khomalo, muwauze za agogo.

Mukatha kuona nyumba mukapite ku Kapishya, si patali, pali akasupe a madzi otentha, ana akasambako. Muyambe mwaimba foni kufunsa nthawi yoonetsa alendo, chifukwa m'nyumbamo mumakhala eni ake. Ndipo ngati n'mwezi wa June kapena July, majuzi musaiwale, usiku kumazizira kwambiri kumeneko. Mundipatsireko moni onse kunyumba.