Yankho kwa mayi amene akufunsa za katundu wa ulenje wa malemu bambo awo

Mayi, pepani ndithu ndi imfa ya bambo anu, ndipo mwachita bwino kufunsa musanataye kapena kugulitsa chilichonse. Monga mwafotokozera, malemuwo anali mlangizi wa zaulimi ku Limphasa m'boma la Nkhata Bay, kumene ankasaka abakha akutchire ndi atsekwe m'minda ya mpunga, ndipo m'chipinda mwawo mwapezamo mfuti, lamba wachikopa wokhala ndi zipolopolo zingapo, tsekwe woumikidwa amene ankakhala pamwamba pa kabati, mtolo wa nthenga, kamphete kachitsulo kolembedwa manambala, ndi zithunzi zakale. Mukufuna kudziwa zoyenera kusunga, kasungidwe kake kuno ku Mzuzu kumene zinthu sizichedwa kuchita chuku, ndiponso ngati alongo anu akulondola pofuna kugulitsa mfutiyo kwa munthu wina wa kumudzi. Ine ndinaleredwa ndi malume anga amenenso anali mlenje wa mbalame za m'madzi, choncho nkhaniyi ndi yapamtima panga.

Ndiyambe ndi mfuti, chifukwa mwa zonsezi ndi yokhayo imene ingagwetsere banja lanu m'mavuto. Chiphaso cha mfuti chimaperekedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo sichigwera ana monga chuma china chamasiye. Mwini wake akamwalira, amene watsala nayo m'nyumba alibe chilolezo choisunga, ngakhale atakhala mwana wachisamba. Kuigulitsa mwamseri ndiye koopsa kwambiri, popeza nambala yake idakali m'mabuku a boma m'dzina la bambo anu, ndipo tsiku limene idzagwidwe pa umbanda kapena m'nkhalango ya Vwaza, ofufuza adzayambira pakhomo panu. Pitani kupolisi chimanjamanja, mutangotenga kalata ya imfa ndi chiphaso chakale cha mfutiyo, mufotokoze mmene zilili kuti iwo akuuzeni njira yoiperekera. Musaikulunge m'chitenje n'kukwera nayo minibasi kapena njinga ya sakaramento, ndipo poipereka muonetsetse kuti akulemberani kalata yosonyeza kuti ailandira. Ngati mmodzi wa alongo anu akuifunadi, akafunsire chiphaso m'dzina lake. Zipolopolo zipite limodzi ndi mfutiyo, zonse, osasungako ngakhale chimodzi ngati chikumbutso, ndipo wina asaziponye pamoto kapena m'chimbudzi. Musanaipereke muijambule mbali zonse ziwiri, makamaka pamene padindidwa dzina la kampani imene inaipanga ndi pamtengo pamene dzanja la bambo linkagwira, chifukwa pamenepo pamakhala posalala ndi pakuda kusiyana ndi pena ponse. Lamba wachikopayo musunge. Mumupukute ndi nsalu youma, mumupake mafuta a zikopa pang'ono, ndipo muzimupachika pamalo opita mphepo.

Chinthu chimene ine ndikuchiona chamtengo wapatali kuposa zonse ndi kamphete kamene mwakatchula pomaliza ngati kosafunika. Kamphete kotere kamavekedwa pamwendo wa mbalame ndi akatswiri ofufuza, ndipo nambala yake ndi ya mbalame imodzi yokha. Ntchito imeneyi anaiyamba mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, m'chaka cha 1899, ndipo kummwera kwa Africa inayamba m'chaka cha 1948. Masiku ano mbiri ya mphete za chigawo chino imasungidwa ndi bungwe la SAFRING, limene lili pa University of Cape Town, ndipo mphete zake zakale zinkakhala ndi mawu ouza woitola kuti adziwitse a Zoo ya ku Pretoria. Mukatumiza nambala, pamodzi ndi malo komanso chaka chimene mbalameyo inaphedwa, iwo amayang'ana m'mabuku awo n'kukuuzani mtundu wa mbalameyo, tsiku limene inavekedwa mphete ndi dera limene inavekedwera. Musaganize kuti nkhani yake idzakhala yaing'ono. Abakha aja amene aamuna ake amakhala ndi chotupa chakuda pamwamba pa mlomo, ena amene anavekedwa mphete ku Zimbabwe anakapezeka ku Chad ndi ku Sudan, ulendo wa makilomita opitirira 3,000. Ndiye kuti bakha amene bambo anu anamutola m'matope a ku Limphasa akhoza kukhala kuti anadutsa mayiko angapo asanatere pa mpungawo, ndipo ofufuza aja mpaka lero sakudziwa kumene anathera. Kamphete kameneka musakakweche ndi mchenga kapena waya wotsukira mapoto, chifukwa manambala akhoza kufufutika. Kakatsukidwa ndi madzi a sopo ndi burashi yakale ya mano, mukaunike ndi tochi cham'mbali, mudzaona manambala amene masana saoneka, kenaka muwalembe pa pepala. Alenje a ku America, amene zithunzi zawo mwati munaziona pa Facebook, amanyadira mphete zoterezi koposa mbalame zimene amakhoma pakhoma, moti amazitunga pa chingwe cha wenzulo woitanira abakha n'kumavala m'khosi. Komatu amayamba apereka nambala kwa ofufuza.

Za tsekwe woumikidwa ndilankhula mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti ndi amene ana a m'nyumbamo amamukumbukira kwambiri. Anthu amene ankaumika mbalame kale ankasenda chikopa pamodzi ndi nthenga, n'kuchipaka mankhwala kuti tizilombo tisachidye, ndipo kwa zaka zambiri mankhwala ofala pa ntchitoyi anali arsenic, amene ndi poizoni ndipo satha mphamvu ngakhale papite zaka makumi angapo. Popeza simukudziwa amene anamukonza, mutenge kuti poizoniyo alimo. Ana asamusewerese, asakhale pafupi ndi chakudya, ndipo pomugwira muvale magolovesi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno. Mumuike pa pepala loyera n'kugogoda pang'ono thabwa limene waimapo. Ngati pakugwa fumbi lofiirira, timakoko ta tizilombo kapena nthenga zodukaduka, ndiye kuti njenjete zinalowa kale. Zikatero mumutsekere m'thumba la pulasitiki lochindikala, mulimange bwino, mumuike mu filiza imene simusungiramo ndiwo kwa masabata awiri, ndipo potulutsa musamasule thumbalo mpaka kuzizira kutatheratu, kuopa kuti madzi angadikhe pa nthenga. Akapulumuka, kalipentala amupangire bokosi lagalasi lotseka bwino, ndipo liikidwe kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa limasulutsa nthenga, komanso kutali ndi khoma limene limanyowa. Kuno mvula imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu Juni timadzuka kuli nkhungu ndi mawawa, motero chinthu chosiyidwa pambalambanda sichikhalitsa. Koma ngati khosi lathyoka, chikopa chang'ambika ndipo thonje likutuluka, musadzivute. Mumujambule bwino, kenaka mumukwirire m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndi dimba. Mukhozanso kuyamba mwafunsa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mu Mzuzu muno ngati angakuthandizeni nzeru, popeza kulimbana ndi njenjete ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Mtolo wa nthenga musausunge wonse. Musankhepo zochepa zimene zili bwino, ndipo muyesetse kudziwa mbalame yake, chifukwa nthenga yopanda dzina imasanduka chinyalala m'manja mwa mdzukulu. Zing'onozing'ono za mizere yakuda ndi yoyera zikhoza kukhala za m'nthiti mwa abakha a nkhope yoyera, aja amauluka m'magulu chakumadzulo akulira ngati mluzu woimbidwa katatu, amene alimi a mpunga amawadziwa bwino. Zakuda zonyezimira mobiriwira ndi mofiirira zikhoza kukhala za bakha wa chotupa pamlomo uja kapena za tsekwe wamkulu wakuda wa mimba yoyera, amene ndi wamkulu kuposa abakha ndi atsekwe ena onse a mu Africa. Tsekwe ameneyu ali ndi kanyanga kakuthwa pamene phiko limapindikira, kamene amamenyera adani ake, ndipo ngati mupeza kanthu kotero m'katundu wa bambo musakayese dzino la nyama. Malume anga anali nako kamodzi, koboola kutsinde, komangirira ku makiyi a njinga ndi chingwe cha nayiloni. Kanali kachikasu chifukwa cha kugwiridwagwiridwa, ndipo nsonga yake inali itabuntha. Nthenga zosankhidwazo muzizizitse mu filiza monga ndanenera, kenaka muzisokerere pa katoni ndi ulusi m'malo mozimata ndi guluu, pansi pake mulembe ndi pensulo, popeza inki imathimbirira ikagwidwa chinyezi. A bungwe la WESM, limene lakhala likugwira ntchito ya zachilengedwe m'dziko muno kuyambira 1947, ali ndi anthu odziwa mbalame amene angakuuzeni mayina ake mukawaonetsa.

Ndionjezere chenjezo limodzi. Alenje ambiri sankasaka mbalame zokha, choncho mufufuze bwinobwino ngati m'katunduyo mulibe chikopa cha kambuku kapena cha nsato, dzino la mvuu, kaya kachidutswa ka mnyanga wa njovu. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limakhudzanso ziwalo za nyama zotetezedwa, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Mukapeza zotere mukaonane ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire musanachite china chilichonse, ndipo musaziike pa intaneti kufunsa mtengo.

Zithunzi muzichotse m'maalubamu a pulasitiki omata aja, amene amasunga chinyezi mpaka nkhope kumatirira pa pulasitikiyo. Chithunzi chimene chamatirira kale musachikoke, mungochijambula ndi foni momwemo. Zonse zijambulidwe masana pamthunzi, zitumizidwe kwa abale onse, ndipo zenizenizo zisungidwe m'envelopu za pepala, m'kabati ya m'chipinda chouma.

Pali ntchito ina imene ndikupempha kuti muifulumizitse kuposa ya tsekwe ndi nthenga. Mwanena kuti amayi anu ali moyo, ndiponso kuti mkulu wina amene ankapalasa bwato poperekeza bambo adakalipo kumudzi. Anthu awiriwa ndi amene akusunga zimene katunduyu sanganene, ndipo onse ndi achikulire. Muwayendere mutatenga kamphete, lamba ndi zithunzi, muziike pamphasa, muyatse chojambulira mawu cha pa foni mutawapempha chilolezo, ndipo muwalole alankhule m'Chitonga kapena m'Chitumbuka ngati ndi mmene nkhani imawatulukira bwino. Musawafunse kuti bambo anali munthu wotani, chifukwa pa funso lotero aliyense amangoyamikira malemu. Muwafunse kuti ankanyamuka nthawi yanji, ankabisala pati, mwezi uti abakha ankachuluka, ndani ankalowa m'madzi kukatola mbalame pamene kunali ng'ona, nyama inkagawidwa bwanji pakati pa mwini mfuti, mwini bwato ndi mwini munda, ndiponso chifukwa chimene anasiyira kusaka. Amayi muwafunse za kusosola ndi kuphika, chifukwa mbali imeneyo alenje saikamba, chonsecho ndi imene ana ankaiona. Mkulu wa bwatoyo mwina ndi yekhayo amene angakumbukire chaka ndi dambo kumene bakha wa mphete anagwera, zimene a SAFRING adzakufunsani. Ine mawu a malume anga ndili nawo pa tepi, akufotokoza mmene ankadziwira kuti abakha ayandikira pomva mluzu wawo mumdima asanawaone, ndipo abale akabwera kwathu amapempha tepiyo asanafunse za kanyanga kaja. Zimene mwajambulazo wina azilembe m'kope, kuti foni ikatayika zisapite nayo.

Mwafunsanso ngati n'koyenera kuti mwana wanu wamwamuna adzapitirize ntchito ya agogo ake. Ulenje wa mbalame si mlandu ukachitika motsata malamulo, koma umafuna chiphaso cha mfuti ndi chiphaso china chosakira mbalame, ndipo m'malo otetezedwa monga Vwaza ndi Nyika n'koletsedwa. Ayeneranso kudziwa kuti madambo a lero si a nthawi ya agogo ake. Nyanja ya Chilwa, imene imadziwika kwambiri ndi usaki wa mbalame za m'madzi m'dziko muno, inauma mu 1995 ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, n'chifukwa chake alenje a kumeneko anapanga magulu oika nyengo ndi malo osasakako. Palinso vuto la timipira ta mtovu ta m'zipolopolo, timene timatsalira m'matope, abakha n'kumatimeza pofuna timiyala togayira chakudya, kenaka n'kufa pang'onopang'ono. Ku United States analetsa mtovu posaka abakha m'dziko lonse mu 1991. Kwa ine, chiyambi chabwino kwa mnyamatayo n'kupita naye ku nyanja ya Kazuni ya m'nkhalango ya Vwaza, kudzera ku Rumphi, akaone atsekwe ndi abakha amoyo m'mphepete mwa madzi ndi kuphunzira kuwasiyanitsa. Mupite m'chilimwe pamene msewu uli wouma, mufike m'mawa, ndipo mutenge katoni ya nthenga ija kuti woyang'anira nyama amene adzakuperekezeni akuthandizeni kuzifananitsa ndi mbalame zimene mudzazione.