Agogo anakamenya nkhondo ku Burma: kufufuza kumayambira m'kachitini

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mulanje amene pano akukhala ku Johannesburg. Mwachidule akuti: "Agogo anga aamuna anamwalira ine ndili wamng'ono. Kumudzi amati anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali achiafirika la Angerezi) ndipo anakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma (lero Myanmar). Chimene chatsala ndi mamendulo atatu m'kachitini ndi chithunzi chimodzi chofwifwa. Ana anga akundifunsa, ine kukamwa pululu. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa kachitini komweko. Za ku London tizikamba, koma zibwere pambuyo.

Tumizani uthenga kumudzi kuti wina atulutse mamendulowo, awayale pa nsalu panja pamene pali kuwala, awajambule kumaso, kumsana ndi m'mphepete. Asawakweche ndi phulusa kapena mchenga ngati mbale, chonde. Mendulo imene mukufuna kuona ndi yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yolembedwa kuti The Burma Star. Kansalu kake ndi kofiira pakati, m'mbali muli kamtambo woderako wokhala ndi timizere ta mtundu wa lalanje. Inkaperekedwa kwa amene anagwira ntchito ya nkhondo ku Burma pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945. Ikapezeka, ndiye kuti akumudzi sananame. Koma musadabwe kuona kuti palibe dzina la agogo, chifukwa mamendulo a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Angerezi ankawapereka opanda maina.

Ikakhala kuti m'chitinimo muli mendulo yozungulira yasiliva, yokhala ndi kachitsulo kopingasa pa nsalu kolembedwa kuti Malaya, nkhani yasintha. Imeneyo ndi ya nkhondo ina, ya m'nkhalangonso, yolimbana ndi zigawenga za chikomyunizimu, kumene mabatalioni (magulu a asilikali) a 1 KAR ndi 2 KAR ochokera ku Nyasaland anapita mosinthana pakati pa 1952 ndi 1954. Ubwino wa mendulo iyi ndi woti m'mphepete mwake anasindikizamo nambala, udindo ndi dzina la mwini wake. Ndikunena izi chifukwa kwathu kuno dzina loti Burma linameza nkhondo zonse. Munthu anapita ku Abyssinia (lero Ethiopia) mu 1941, wina ku Madagascar mu 1942, wina anakathera ku Ceylon osaona Mjapani ndi mmodzi yemwe, wina ku Malaya, koma adzukulu onse amangoti "anali ku Burma". Werengetsaninso zaka. Ngati agogo anabadwa cha m'ma 1932, nkhondo ya ku Burma inatha iwo akuweta mbuzi.

Chinthu chofunika kuposa zonse ndi nambala ya usilikali. Dzina lokha lidzakusokeretsani. Kalaliki wolemba asilikali ankalemba mmene wamvera, ndipo anyamata ambiri ankalembetsa dzina la bambo awo, la amalume, kapena dzina longodzipatsa tsiku lomwelo, ena pothawa msonkho, ena pothawa makolo amene sanawalole. Kwanu ku Mulanje kuli chinanso: anyamata ambiri achilomwe ankaoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzalembetsa ngati anthu a mfumu ya mbali ino. Nambala ndiyo sinkasintha. Ya asilikali a ku Nyasaland kawirikawiri imayamba ndi zilembo DN. Ifufuzeni pa kabuku kolandirira malipiro, pa chikalata chimene anapatsidwa potuluka usilikali, kumsana kwa chithunzi chija, ngakhale mkati mwa Baibulo lakale. Ine ndinaonapo nambala yotere italembedwa ndi penti yoyera pa chivundikiro cha bokosi lachitsulo limene banja lina linkasungiramo mbewu ya mtedza. Zaka zonsezo ankaiona tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti ndi chiyani.

Pofufuza m'mapepala akale, kumbukirani kuti maina a maboma anali ena. Mulanje ankalemba Mlanje, Thyolo anali Cholo, Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Mchinji anali Fort Manning. Mukalemba dzina la lero pa kompyuta simupeza kanthu, mudzangoti palibe.

Tsopano ndikuuzeni zoona: failo ya msilikali wamba mmodzi wa KAR ndi yovuta kuipeza, ndipo anthu ambiri amagwa ulesi pomwepa. Njira imene imabala zipatso ndi kutsata gulu lawo. Mukadziwa batalioni ya agogo, mungathe kulondola mapazi awo pafupifupi tsiku ndi tsiku.

Asilikali ambiri a kwathu amene anafika ku Burma anali m'gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division, pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia. Mwa mabatalioni a ku Nyasaland munali 2 KAR, 13 KAR ndi 22 KAR. Anakwera sitima za pamadzi ku Mombasa, ena mu 1942 ena mu 1943, kupita ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo ya m'nkhalango. Mu Ogasiti 1944, Ajapani atagonja ku Imphal ndi ku Kohima m'dziko la India n'kuyamba kubwerera, gulu limeneli ndi limene linatumidwa kuwapirikitsa kutsika chigwa cha Kabaw, pansi pa ulamuliro wa General William Slim. Inali nyengo ya mvula ya kumeneko, mvula yosakata masabata. Misewu inasanduka phala, malole ankatitimira, chakudya ndi zipolopolo zinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege. Chigwacho chinali chotchuka ndi malungo komanso matenda ofalitsidwa ndi tinthata ta m'udzu, ndipo misundu inkalowa mpaka m'majombo. Asilikali ankamwetsedwa mapilitsi achikasu a malungo tsiku lililonse, sajeni ataima pompo kuonetsetsa kuti wameza. Anafika pa mtsinje wa Chindwin n'kulanda tauni ya Kalewa kumayambiriro kwa Disembala 1944, kenaka anabwezedwa ku India kukapuma. 1 KAR inali kwina, m'gulu la 22nd East African Brigade limene linamenya nkhondo chakugombe, ku Arakan, mu 1945. Choncho ngati kumudzi wina akukumbukira agogo akutchula Kalewa kapena Chindwin, kapena akutchula madambo a m'mbali mwa nyanja yamchere, mwapeza kale poyambira.

Batalioni iliyonse inkasunga buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, limene pa Chingerezi amati war diary. Mabuku amenewa ali ku National Archives ku Kew, mu London. A ku Burma ndi Ceylon ali m'gulu la WO 172, a ku East Africa ali mu WO 169. Mndandanda wake mungauone pa intaneti muli ku Johannesburg komweko, koma masamba enieniwo pamafunika kulipira kuti akujambulireni, kapena kutuma mbale wanu wa ku UK akawajambule ndi foni. Kulowa n'kwaulere. Muwerenge ndi mtima wokonzeka: msilikali wachizungu akavulala amatchulidwa dzina, pamene athu nthawi zambiri amangowerengedwa ngati chiwerengero. Zimapweteka. Komabe mudzadziwa phiri limene anakwera pa tsiku lakutilakuti ndi mtsinje umene anaoloka. Ngati agogo analandira mendulo ya kulimba mtima, monga Military Medal, chikalata chofotokoza zimene anachita chimapezeka mu WO 373, ndipo mmenemo dzina ndi nambala zilimo.

Agogo anu anabwerako, kotero pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission simuwapeza, popeza pamenepo pali amene anafera kunkhondo okha. Koma ngati panali mchimwene wawo kapena mnzawo wa m'mudzi amene sanabwerere, fufuzani pamenepo kwaulere. Ambiri amene manda awo sadziwika maina awo ali pa Rangoon Memorial, m'manda a Taukkyan kunja kwa mzinda wa Yangon, umene kale unali Rangoon.

Mukadzabwera kumudzi, patulani tsiku la ku Zomba, kumene kunali likulu la KAR m'dziko muno. Ku National Archives of Malawi kuli mafailo a ma DC onena za kulemba asilikali, ndalama zotumizidwa kwa akazi awo ndi za kubwerera kwawo. Pitaninso ku chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo mulankhule ndi a bungwe la asilikali opuma la VELOM.

Koma zimenezi zingadikire, mapepala sathawa. Amene sangadikire ndi azakhali anu ndi nkhalamba za m'mudzi zimene zinakhala nawo pa bwalo agogowo. Aimbireni sabata ino, mujambule mawu awo. Musawafunse kuti "agogo anali batalioni iti", adzangoti kaya. Afunseni nyimbo imene ankaimba akakhuta, mawu achilendo amene ankatukwanira ana, chilonda chimene anali nacho, mnzawo amene ankabwera kudzacheza nawo za ku nkhondo ndi mudzi umene ankachokera. Mwina adzukulu a mnzawoyo ndi amene anasunga kabuku kokhala ndi dzina la batalioni.

Zithunzi za mamendulo zikafika, nditumizireni, makamaka cha m'mphepete mwa yozungulirayo, tione limodzi ngati tikupita ku Kabaw kapena ku Malaya.