Matcheri awiri am'tchire: ana adye ziti?

Mayi wina wokhala ku Leeds, mzinda wa ku England, wandilembera imelo. Akuti m'mbali mwa kamtsinje komwe amakayendako ndi ana muli mitengo iwiri imene anthu amangoitcha tcheri wam'tchire. Wina ukubala zipatso zofiira, wina tizipatso takuda, ndipo ana akulimbirana kuthyola. Kodi ndi mtundu umodzi? Nanga n'zodyedwa?

Mayi, mwachita bwino kufunsa ana asanaike pakamwa. Mitengoyi ndi yapachibale, koma ndi iwiri ndithu.

Wa zofiirawo ndi Prunus avium, umene Angerezi amati wild cherry, a ku Scotland n'kumati gean. Ndiwo kholo la matcheri otsekemera am'masitolo aja. Umakula mpaka mamita 30. Khungwa lake n'lofiirira, lonyezimira, la timizere topingasa ngati mphini, ndipo limasendeka mozungulira thunthu. Umachita maluwa mu Epulo, m'timagulu, duwa lililonse pa kaphesi kakekake.

Wa takudawo ndi Prunus padus, umene Angerezi amati bird cherry, kutanthauza "tcheri wa mbalame". Ndi wamfupiko, ndipo umakonda chinyontho, n'chifukwa chake mwaupeza kumtsinje. Maluwa ake amadikira Meyi, masamba atatuluka kale, n'kundandalikana pa phesi limodzi ngati kamchira koyera. Mukakayika, kandani kanthambi ndi chikhadabo mununkhize: fungo lake n'loipa, lolasa m'mphuno. Maina asakusokonezeni. M'Chilatini avium ndiye kuti "wa mbalame", koma dzina la mbalame m'Chingerezi linapita kwa wa takudawu, osati kwa Prunus avium.

Zofiira zikapsa ana adye, ngakhale zina zimawawa ndithu. Takudato timamanga m'kamwa kuposa nthochi yaiwisi, asiyireni mbalame. Ku Siberia amatiyanika n'kutipera ufa wophikira keke, koma kumeneko n'kwa odziwa.

Pali china chimene chimandikhudza mtima. Zaka zina mudzaupeza bird cherry uli mbuu, wokutidwa ndi ukonde kuyambira pansi mpaka kunsonga, masamba onse atadyedwa ndi mbozi za kagulugufe kotchedwa bird-cherry ermine. Anthu amathamangira nkhwangwa poganiza kuti wauma. Chonde musaudule. Mbozi zikachoka umaphukiranso chaka chomwecho.

Za ana, gwirani ichi: njere ya mkati mwa chipatso cha mitengo yonse iwiri ikaphwanyidwa imatulutsa poizoni wa cyanide, masamba ake chimodzimodzi. Adye mnofu wokha, njere alavule, asaswe ndi mwala kapena mano.