Ngalande yakale ya sitima m'phiri: kodi ndilowemo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga. Akuti ankatsata mzere wa njanji yakale imene zitsulo zake anazula kalekale, mpaka anakafika pa khomo lamdima lobooledwa m'phiri, lomangidwa ndi njerwa, zitsamba zitamera m'mbali. Anaima pamenepo kamphepo kozizira kakumuwomba kumaso, kenako anabwerera. Funso lake ndi ili: "Kodi ndingalowemo? Nanga ndingadziwe bwanji amene anaikumba ndi chimene anaisiyira?"

M'bale wanga, munachita bwino kubwerera tsiku limenelo. Ine ngalande zoterezi ndimazikonda kwambiri, n'chifukwa chake ndikufuna muyambe ndi funso lanu lachiwirilo. Mukadziwa mbiri yake, mudzadziwanso ngati n'koyenera kuponda m'katimo.

Ndikupatseni chitsanzo cha Woodhead, ku England, pakati pa Manchester ndi Sheffield. Ngalande yoyamba kumeneko inatsegulidwa mu 1845, ndipo inali yotalika pafupifupi makilomita 5. Nthawi imeneyo dynamite yophulitsira miyala kunalibe, Alfred Nobel anadzaitulukira zaka za m'ma 1860. Anthu ankaswa thanthwe ndi onga, mapiki ndi nyundo, akuunikira ndi makandulo. Anayamba akumba maenje asanu kuchokera pamwamba pa phiri kutsikira pansi, kuti magulu angapo azikumba nthawi imodzi n'kumakumana pakati. Miyala yambiri ankaikweza ndi zingwe kudzera m'maenje omwewo, ndipo anthu ankatsikira momwemo. Ankagona m'zisakasa pamwamba pa phiri lozizira, kutali ndi midzi. Anthu pafupifupi 30 anafa pa ntchitoyo, ovulala anali mazana. Nkhaniyi inavuta moti Edwin Chadwick, munthu womenyera umoyo wabwino wa anthu wamba, anaitengera patsogolo, ndipo mu 1846 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakhazikitsa komiti yofufuza umoyo wa anthu okumba njanji. Pokumba ngalande yachiwiri pambali pake, kolera inabuka mu 1849 n'kupha anthu 28. Ngalande yachitatu, ya sitima zamagetsi, anaimaliza zaka za m'ma 1950, koma sitima yomaliza inadutsamo mu 1981. Lero mumadutsa nthambo zamagetsi, ndipo munthu wamba saloledwa kulowa.

Ndikamaona njerwa za m'ngalande, ndimaganiza za manja amenewa. Njerwa iliyonse inaikidwa ndi munthu ataimirira pa thandala mumdima, madzi akumudonthera m'khosi. Mayina a mainjiniya analembedwa m'mabuku, koma ambiri mwa okumbawo ngakhale pa manda awo palibe dzina. Zimenezi zimandipweteka.

Tsono za yanuyo. Yambani panja. Yang'anani pamwamba pa khomo, chifukwa omanga ena ankasema chaka kapena zilembo za kampani pa mwala wapakati. Fufuzani mapu akale, muone dzina la njanjiyo ndi masiteshoni amene inkalumikiza. Mukapeza dzina, nyuzipepala zakale ndi malo osungira zolemba zaboma zidzakuuzani zambiri, makamaka za ngozi ndi tsiku lotseka. Kwerani phirilo motsata mzere wa ngalande. Mukaona milu ya miyala yoswedwa kapena kansanja kozungulira ka njerwa, dziwani kuti pamenepo panali dzenje lokumbira, limene pambuyo pake linkatulutsa utsi. Chenjerani napo, maenje ena anangowavundikira ndi matabwa ndi dothi, ndipo pansi pake n'pakuya mamita ambirimbiri. Koposa zonse, funani okalamba amene anagwirapo ntchito pa njanjiyo. Iwo amadziwa pamene pankadontha madzi, pamene sitima inkavutika kukwera. Zimenezo simungazipeze pa intaneti.

Chimene inasiyidwira nthawi zambiri n'chosavuta kupeza: mgodi kapena fakitale imene inkapereka katundu inatsekedwa, malole analanda ntchito, kapena ndalama zokonzera zinaposa zimene njanji inkabweretsa. Ku Britain njanji zambiri zinatsekedwa lipoti la 1963 la Richard Beeching, mkulu wa njanji za dzikolo pa nthawiyo, litatuluka.

Nanga kulowa? Choyamba, ngalande iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo kulowa popanda chilolezo kungakhale mlandu. Ngati zitsulo zikadalipo, ngakhale zitachita dzimbiri, musaganize kuti sitima inasiya kudutsa. M'makoma muli timapanga timene ogwira ntchito ankabisalamo sitima ikamabwera, koma musadalire kuti mudzatipeza pa nthawi yake.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi mpweya, chifukwa suoneka. Ngalande ikatsekeka mbali imodzi, mphepo siyenda. Matabwa akamaola ndiponso zitsulo zikamachita dzimbiri, zimamaliza mpweya wabwino, ndipo mpweya woipa wa carbon dioxide, umene ndi wolemera, umakhazikika m'malo otsika. Munthu amangomva mutu kuwawa ndi miyendo kulemera, kenako wagwa. Mukamva fungo ngati la mazira ovunda, tulukani nthawi yomweyo, ndipo fungolo likazimiririka musati zatha, mpweya umenewo umagonthetsa mphuno. Ngakhale pamene sitima zinkayenda vuto linali lomweli. Mu March 1944, pafupi ndi Balvano ku Italy, sitima yamalasha inaima m'ngalande, ndipo anthu oposa 500 anafa ndi utsi wa carbon monoxide, ambiri ali m'tulo.

Madzi nawo. Ngalande ikasiyidwa, timifuleni totulutsa madzi timatsekeka, njerwa zimafewa, denga limayamba kuyoyoka. Ngalande ya Queensbury ku West Yorkshire, ku England, imene inatsekedwa mu 1956, inadzaza madzi mbali imodzi ndipo denga linagwa m'malo ena. Pansi pa madzi akudawo pamakhala maenje opanda zivundikiro. Ngati muli mileme, ndowe zake zouma zikhoza kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo, komanso m'mayiko ambiri malamulo amaletsa kuisokoneza.

Choncho yankho langa ndi lakuti m'ngalande yosiyidwa imene palibe katswiri amene waiyendera, musalowemo. Ngati eni ake kapena gulu losamalira njanji zakale limatenga anthu kukaona, pitani nawo, mutavala chipewa cholimba ndi jombo, mutanyamula matochi awiri, ndipo wina kunja adziwe nthawi imene mukuyenera kutuluka, poti foni m'katimo siigwira.

Ndipo zilipo zimene anazikonza kuti anthu aziyendamo mwaufulu. Ya Snoqualmie ku Washington, ku America, ndi yotalika makilomita oposa 3 ndi theka, ilibe magetsi, ndipo anthu amadutsamo ndi matochi pa njinga. Ya Combe Down mumzinda wa Bath, ku England, inatsegulidwa mu 1874, n'kutsekedwa mu 1966. Ndi yotalika makilomita oposa 1 ndi theka, yopapatiza, yopanda dzenje lotulutsira utsi ngakhale limodzi. Mu 1929 woyendetsa sitima ndi wothira malasha anakomoka ndi utsi m'menemo, sitima inathawa yokha kutsetsereka n'kukagubuduzika ku Bath, anthu atatu anafa. Kuyambira 2013 anthu amayendamo wapansi ndi pa njinga, muli nyale.

Mukabwereranso pa khomo lanu lija, jambulani mwala wapamwambawo ndi njerwa za m'mbali, mundilemberenso dzina limene mwapeza pa mapu. Ngati pafupi pali manda akale, kaoneni zaka zimene zalembedwa pa miyala, muzifananitse ndi zaka zimene ankakumba.